Soya Walowa ku Balaka, Koma Sikelo Idakali M'manja mwa Venda

Anthu a ku Balaka ndi ku Machinga sakumva koyamba kuti kwabwera mbewu yowatulutsa mu umphawi. Makolo awo anauzidwa za thonje. Iwo eni, dzana lomweli, anauzidwa za nandolo. Lero pa wailesi, pa zionetsero za ulimi ndi m'misonkhano ya pansi pa mtengo, dzina lomwe lili pakamwa pa alangizi ndi a mabungwe ndi soya. Akuti msika ulipo, ndipo sakunama, ulipodi. Chomwe satchula n'chakuti msika wa thonje unalipo, wa nandolo unaliponso, koma mlimi wa kwa Kalembo kapena wa kwa Nsamala sanafunsidwepo n'kamodzi komwe za mtengo wa mbewu ziwirizi. Ngati wogwira sikelo akhala yemwe uja, soya adzangokhala dzina latsopano la chinthu chomuberapo mlimi.

Nkhani ya nandolo idakali yaiwisi. Mu 2015 ndi 2016 dziko la India linakolola nandolo wochepa chifukwa mvula inavuta, ndipo ogula anathamangira kuno ndi ndalama m'manja. Mtengo unakwera moti m'midzi ya ku Ntaja, Nsanama, Ulongwe ndi Phalula munayamba kunyezimira malata atsopano. Chaka chotsatira aliyense wokhala ndi kamunda anadzala. Ndiye mu Ogasiti 2017 boma la India, alimi ake atakolola zochuluka, linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo. Mtengo kuno unagwa chagada. Matumba anaunjikana m'nyumba mpaka anankafumbwe kuwamaliza, ndipo ena anataya nandolo wawo pa mtengo wosakwana ngakhale ndalama yomwe analipira aganyu. Bungwe la Nandolo Farmers Association of Malawi linafuula m'manyuzipepala ndi pa wailesi, ndipo kufuulako sikunapite pachabe, poti mu 2021 boma la Malawi ndi la India anasainirana mgwirizano wolola matani 50,000 a nandolo kulowa ku India chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Koma zaka zinayi zinali zitadutsa, ndipo palibe amene anabwezera mlimi wa ku Machinga ngakhale tambala.

Za thonje aliyense ku Balaka angazilongosole ali m'tulo. Makampani olekanitsa thonje ndi njere zake ndi owerengeka, mbewu ndi mankhwala amapereka pa ngongole ndi iwo, ndipo pa tsiku la msika amene amaweruza kuti thonjeli ndi la giredi yanji ndi iwo omwewo. Lamulo la thonje la 2013 linakhazikitsa Cotton Council, koma minda ya thonje yakhala ikucheperachepera. Anthu sanaiwale kalimidwe kake. Anangotopa.

Soya ali ndi zabwino zomwe thonje lilibe, ndipo n'kupanda chilungamo kuzibisa. Amadyedwa, moti msika ukavuta ana amamwako phala. Njere yake ili ndi zomanga thupi pafupifupi magawo 40 pa 100 aliwonse, mafuta pafupifupi magawo 20. Safuna feteleza wambiri chifukwa mizu yake imadzipangira chakudya kuchokera mu mpweya, ndipo chimanga chodzalidwa pomwe panali soya chimaoneka chokha kuti chapeza nthaka yodya bwino. M'dziko lomwe kwacha inagwetsedwa ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi magawo 44 mu Novembala 2023, thumba la feteleza n'kusanduka katundu wa anthu olemera, mbewu yotere siyoseweretsa.

Komabe ntchito yoyamba ya bungwe la alimi lenileni ndi kuuza mamembala ake zoona, ngakhale zowawa. Kwawo kwa soya m'Malawi ndi kumtunda kozizirirako: Lilongwe, Mchinji, Kasungu, Dowa, Ntchisi, Dedza ndi Mzimba. Balaka ndi chigwa chotentha chomwe mvula imakonda kuchilambalala. Imabwera mochedwa, n'kudula pakati mbewu zili pa maluwa. Mu Malichi 2023 chigawo chakummwera chinakanthidwa ndi namondwe wa Freddy, ndipo chaka chotsatira ng'amba inapsereza minda moti Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Soya sapirira dzuwa monga amachitira nandolo, khobwe, chitowe kapena mapira. M'madera okwera a Machinga ndi m'minda yosunga chinyezi amachita bwino, makamaka mitundu yocha msanga ngati Tikolore, yemwe akatswiri a bungwe lofufuza za ulimi la IITA mogwirizana ndi a kafukufuku a boma anamutulutsa mu 2011. Koma kumuuza mlimi wa kouma kwambiri ku Utale kapena ku Phalula kuti azule nandolo adzale soya munda wonse n'kumutchera msampha. Wogulitsa mbewu sanganene zimenezi, chifukwa iye akufuna mapaketi atuluke m'sitolo. Pulojekiti yomwe inalonjeza opereka ndalama kuti ifikira alimi zikwi zakutizakuti singanenenso. Wonena angakhale yekhayo amene akalakwitsa, amalakwitsira munda wake womwe.

Palinso tinthu ting'onoting'ono tomwe timalekanitsa wokolola matumba asanu ndi wokolola khumi pa munda wofanana. Mbewu ya soya ikasungidwa potentha imafa msanga, ndipo ku Balaka mwezi wa Okutobala denga la malata limawotcha chilichonse chokhala pansi pake. Mlimi amadzala mbewu yooneka bwino m'maso, n'kumera theka. Mankhwala osakaniza ku mbewu podzala, monga Nitrofix yemwe amapangidwa m'dziko momwe muno, ndi tizilombo tamoyo, ndiye paketi yomwe yakhala padzuwa pa benchi ya msika sabata zingapo yangotsala dzina. Mu nyengo ya 2022/23 matenda a dzimbiri anasakaza soya m'dziko lonse, masamba kufiira n'kuyoyoka makoko asanakhwime, ndipo ambiri anazindikira mochedwa kuti pafunika kupopera. Pamenepa alimi a ku Balaka ali ndi mwayi womwe anzawo a ku Mchinji alibe kwenikweni: thonje linawaphunzitsa kupopera, mpopi sachita kufunsa kagwiridwe kake. Chosowa ndi gulu logula mbewu ndi mankhwala pamodzi kwa wogulitsa wodziwika, loyesa kameredwe ka mbewu mvula isanagwe, lokhala ndi mipopi yobwerekana. Pakadali pano mlimi wa soya m'Malawi amakolola pafupifupi tani imodzi pa hekitala, pomwe mbewu zomwe zilipo zingapereke kawiri kake.

Koma ulimi wonsewo umakaweruzidwa tsiku limodzi, pa sikelo.

Sikeloyo imapachikidwa pa mitengo itatu yomangidwa kunsonga, m'mbali mwa msewu wa ku Mangochi kapena pakhonde la golosale. Mayi wafika ndi matumba awiri pa kabaza, ndipo wakabazayo waimika njinga poteropo kudikira zake. Venda apisa dzanja m'thumba, atola njere imodzi, ailuma ndi mano, akwinya nkhope, ati soyayu sanaume. Anyamata ake akweza thumba pa mbedza, ndipo singano isanakhazikike iye watchula kale nambala. Achotsapo kilogalamu ya thumba lenilenilo, ina ya zinyalala, ina ya chinyezi. Mtengo womwe boma linalengeza mayiyu anaumva pa wailesi, ndipo akautchula, yankho limabwera mosavuta: akagulitse kwa a wailesiwo. Kubwerera nawo matumba kwawo ndiye kulipira kabaza kawiri. Mwana wa sekondale akudikira fizi, wakatapila wabwera kale kawiri pakhomo, sopo watha. Amalandira ndalamayo, n'kuimanga pansonga ya chitenje.

Amene amadzudzula alimi kuti sachedwa kugulitsa, kuti alibe mtima wodikira, sanakhalepo m'nyumba yopanda ufa mwezi wa Febuluwale. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Venda si mfiti. Ndi munthu amene wafika ndi ndalama pa tsiku lomwe ndalama ikufunika, ndipo nthawi zambiri ndalamayo si yake, ndi ya wogula wamkulu wa ku Limbe kapena ku Kanengo. Bungwe lililonse lomwe likufuna kupikisana naye liyenera kufika tsiku lomwelo, ndi ndalama, osati ndi kapepala kolonjeza kuti malipiro adzabwera katundu akagulidwa.

Kumtunda kwa venda kuli ogula owerengeka pa zala. Soya wa m'Malawi amathera m'mafakitale oyenga mafuta ophikira monga Sunseed, Capital Oil Refining Industries ndi Mount Meru, m'zakudya za nkhuku, m'phala la Likuni lomwe ana amamwa m'sukulu, ndi m'nyama ya soya ija yomwe yasanduka ndiwo ya mabanja ambiri m'tauni ndi kumudzi komwe. Ogulitsa ndi anthu zikwi mazanamazana, aliyense ndi matumba ake ochepa. Akatswiri a pa yunivesite ya Johannesburg, omwe amatsatira mitengo ya zokolola m'maiko a kuno mogwirizana ndi nthambi ya COMESA yoona za mpikisano pa malonda, anaonetsa zomwe zinachitika mu 2021: pa nthawi yokolola mlimi analandira mtengo wotsika, soya wambiri anatumizidwa kunja, ndipo pofika kumapeto kwa chaka mtengo m'dziko muno unali utakwera kuposa kawiri. Phindu lonselo linapita kwa amene anali ndi nkhokwe ndi ndalama zodikirira. Alimi a nkhuku ang'onoang'ono analira ndi mtengo wa chakudya, mlimi wa soya analira ndi mtengo wa soya, onse awiri chaka chimodzi. 

Boma nalo limaponya mwala wake. Kangapo konse Unduna wa Zamalonda watsekapo kapena kupanikiza chipata chotumizira soya kunja, ponena kuti mafakitale a kuno asasowe zipangizo. Mfundoyo imamveka. Koma chipata chikatsekedwa mlimi akukolola, ogula a kuno amadziwa kuti alibe kothawira, ndipo mtengo umatsika tsiku lomwelo. Eni mafakitale ali ndi mabungwe awo, ali ndi maloya, nambala ya foni ya nduna ali nayo. Funso n'lakuti pamene chigamulo chotere chikupangidwa, ndani m'chipindamo amene analimapo soya ndi khasu?

Sikuti mabungwe a alimi kulibe. NASFAM inabadwa mu 1997 kuchokera m'pulojekiti ya USAID yomwe inkathandiza alimi ang'onoang'ono a fodya wa bale, lamulo litangowalola kulima mbewu yomwe kale inali ya eni maesiteti okha. Inamangidwa kuchokera pansi: alimi khumi kapena khumi ndi asanu amapanga kalabu, makalabu amapanga magulu a m'dera, maguluwo amapanga bungwe la boma lonse, ndipo mamembala anafika poposa 100,000. Ku Balaka kuli BASFA, yomwe inadziwika ndi thonje. Ku Mchinji kuli MASFA, yomwe inafika potumiza mtedza ku Britain ndi kukhala m'gulu la eni kampani ya Liberation yogulitsa mtedzawo kumeneko. Farmers Union of Malawi inakhazikitsidwa mu 2003 kuti izilankhulira alimi onse ku boma. NASFAM inathandizanso kuyambitsa msika wa zokolola wa ACE, womwe unabweretsa njira yosungitsa mbewu m'nkhokwe yovomerezeka n'kulandira lisiti, lomwe mlimi angakongolere ndalama podikira kuti mtengo ukwere. Imodzi mwa nkhokwe zoyambirira za mtunduwu kumudzi inamangidwa ku Balaka, zina ku Nathenje ndi ku Kafulu, ndipo lamulo loyendetsera malisiti amenewa linabwera mu 2018. Amene anagwira ntchito zimenezi ayenera ulemu wawo.

Ndiye n'chifukwa chiyani mayi wa matumba awiri uja akadapitabe kwa venda? Chifukwa nkhokwe ili pa boma, iye ali kutali ndi tala. Chifukwa matumba awiri sakwanira kulipira mayendedwe, kusungitsa ndi chiwongoladzanja cha banki ya m'Malawi. Njira ya lisiti imapindulira amene ali ndi matani, ndipo mlimi wamng'ono angakhale ndi matani pokhapokha ataphatikiza ndi anzake mazana angapo omwe amawakhulupirira. Kukhulupirirana kumeneko ndi komwe kunaphedwa kalekale, ndipo sikunafe imfa ya chilengedwe.

Makopaletivi m'dziko muno anayamba pansi pa lamulo la atsamunda la 1946, ndipo ena, monga a mpunga ku Karonga ndi a khofi kumapiri a kumpoto, anali atazika mizu. Ufulu utabwera, boma la Kamuzu Banda silinafune magulu a alimi odziimira paokha. Makopaletivi ambiri a zaulimi anathetsedwa m'zaka za m'ma 1960, malonda onse n'kuperekedwa ku bungwe la boma lomwe mu 1971 linasanduka ADMARC. Kwa zaka makumi atatu mlimi anaphunzira chinthu chimodzi: lima, nyamula, pita ku msika wa boma, landira chomwe wapatsidwa, usafunse. Lamulo latsopano la makopaletivi linabwera mu 1998, chaka chomwe Balaka inapatulidwa ku Machinga n'kukhala boma palokha, koma lamulo silibweza chizolowezi chomwe chinazulidwa. Mu 2022 boma linatseka ADMARC kuti liikonzenso, ndipo m'madera ambiri mashedi ake anakhala okhoma pa nthawi yomwe alimi amawafunitsitsa.

M'malo mwa ADMARC munalowa pulojekiti. Apa mpomwe pali matenda omwe anthu ambiri amachita nawo manyazi kuwatchula. Magulu ochuluka a alimi masiku ano sabadwa chifukwa alimi akhala pansi n'kuona kuti akuberedwa. Amabadwa chifukwa kwamveka kuti kukubwera thandizo, ndipo thandizolo limafuna gulu lolembetsedwa. Galimoto yoyera ifika, mayina alembedwa, komiti isankhidwa tsiku lomwelo, anthu alandira malaya osindikizidwa ndi alawansi ya chakudya chamasana. Pakatha zaka zitatu galimoto ileka kubwera. Woyenda m'midzi ya chigawo chino amaziona yekha nyumba zotere: khoma lopakidwa bwino, chikwangwani cha mbendera za maiko akutali chayamba kusuluka, pachitseko loko wadzimbiri, ndipo wosuzumira pa zenera amaona mipando yapulasitiki yosanjikizana, sikelo yatsopano idakali m'katoni, ndi zitosi za mileme pansi pomwe panayenera kukhala matumba.

Pulojekiti ya AGCOM, yomwe inayamba mu 2018 ndi ndalama za World Bank, inayesa kuthana ndi vutoli pofuna kuti gulu lisonkhe magawo 30 pa 100 a mtengo wa chomwe likupempha, ndipo magulu ena agula mathirakitala, amanga nkhokwe, akuyendadi. Mfundo yake ndi yolondola: chomwe munthu waikapo thukuta lake sachitaya. Koma nkhokwe ndi thirakitala sizigula soya. Gulu lingakhale ndi nyumba yokongola, likapanda ndalama yogulira zokolola za mamembala mu Epulo ndi Meyi, mamembala omwewo amalambalala nyumbayo kupita kwa venda, ndipo wapampando yemwe amagulitsa wake usiku.

Za apampando nazo zikufunika kunenedwa poyera. Pali magulu omwe mtsogoleri wake sanasinthidwepo chiyambire, msungichuma ndi mlamu wake, buku la ndalama limasungidwa kunyumba kwake ndipo silinawerengedwepo pa msonkhano. Pali ena omwe wapampando ndi venda yemwe, amagula kwa mamembala pa mtengo wotsika n'kukagulitsa m'dzina la kopaletivi. Amayi ndiwo amapalira soya, kumumenya ndi kumupeta, ndipo ku Machinga ndi ku Balaka, komwe mwamuna amalowa chikamwini, munda nthawi zambiri ndi wa mkazi. Koma pa tebulo la kutsogolo iwo amapatsidwa mpando wa wachiwiri kwa mlembi ndi ntchito yoyambitsa nyimbo alendo akafika. Mlimi amene anaberedwapo ndi gulu lake amamva kuwawa kuposa amene anaberedwa ndi mlendo, ndipo sabwereranso.

Maiko omwe alimi a soya ali ndi mphamvu sanayambe ndi thandizo lakunja. Bungwe la American Soybean Association linayamba mu 1920, soya akadali mbewu yachilendo ku America. Kuyambira mu 1991 mlimi aliyense kumeneko akagulitsa soya amadulidwa theka la gawo limodzi pa magawo 100 a mtengo wake, ndipo ndalamayo imayendetsedwa ndi alimi anzake polipira kafukufuku ndi kusaka misika. Ku Brazil, dziko lomwe lero limalima soya wambiri kuposa lina lililonse, kopaletivi ya Coamo inayambidwa mu 1970 ndi alimi 79 a ku Campo Mourão, ndipo pano ili ndi mafakitale ake oyengera mafuta. Minda yawo ndi ya kuno sizingafanane, ndipo palibe akunena kuti Ulongwe asanduka Campo Mourão. Chotengapo n'chimodzi: mabungwe amenewo amaopedwa chifukwa amayenda ndi ndalama za mamembala awo, ndiye amayankha kwa mamembala awo. Bungwe lomwe lendi ya ofesi, mafuta a galimoto ndi malipiro a bwana wake zimachokera kwa wopereka thandizo limalemba malipoti abwino, koma tsiku lomwe nduna yalakwira alimi limayamba layeza mawu ake.

Theka la gawo limodzi pa 100 ndi kota ya kilogalamu pa thumba la makilogalamu 50. Sikelo ya m'mbali mwa msewu imadya zoposa pamenepo kangapo pa thumba lililonse, popanda lisiti. Mwachitsanzo, alimi 400 atabweretsa matumba khumikhumi, apeza matani 200, malole akuluakulu oposa asanu ndi limodzi, katundu woti wogula wa ku Blantyre angamuimbire foni yekha. Atasiya kilogalamu imodzi pa thumba lililonse m'thumba la gulu, apeza matani anayi chaka chimodzi, osapempha munthu. Si chuma choti n'kugula fakitale, koma n'chokwanira kugula sikelo yodindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, kachipangizo koyezera chinyezi kothetsa mkangano wa kuluma njere, ndi kuyamba thumba lolipira membala gawo la ndalama zake tsiku lomwe wabweretsa katundu.

Ena adzati alimi a ku Balaka ndi osaukitsitsa, sangasonkhe. Amene akunena zimenezo akaone banki m'khonde. Sabata ndi sabata amayi a m'midzi yomweyi amakhala pamphasa, aliyense kuponya masheya ake, bokosi la maloko atatu makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndalama kuwerengedwa mokweza aliyense akumva, wochedwa kulipira chindapusa. Pakutha pa chaka amagawana, ndipo kawirikawiri masamu amakwana. Palibe galimoto yoyera imawayang'anira. Anthu omwewo, omwe amatha kusunga mamiliyoni m'bokosi lachitsulo popanda polisi, ndi omwe akunenedwa kuti sangayendetse kopaletivi. Chomwe banki m'khonde ili nacho, chomwe makopaletivi ambiri alibe, n'chakuti ndalama ndi ya eni ake ndipo imawerengedwa poyera. Kopaletivi ya soya yomwe ingakhalitse ku Balaka idzamera pamphasa imeneyo, mabanki m'khonde angapo ataphatikiza mphamvu kuti agule zokolola za mamembala awo, osati m'chipinda cha maphunziro ku hotela ya ku Liwonde.

Ndipo isadzakhale ya soya yekha. Mlimi wa kuno amadzala chimanga, nandolo, khobwe ndi mtedza m'munda umodzi chifukwa mvula yamuphunzitsa kusadalira chinthu chimodzi. Gulu lomwe limagula soya mu Meyi, chitowe ndi thonje pambuyo pake, nandolo mu Ogasiti ndi Seputembala, nkhokwe yake sikhala yopanda kanthu, ndipo mbewu imodzi ikagwa mtengo silifa. Malo nawo alipo abwino. Njanji yochokera ku Moatize imakumana ndi ya ku Blantyre pa Nkaya, n'kudutsa pa Liwonde ndi Nayuchi kupita ku doko la Nacala. Sitima za malasha a ku Mozambique zimapyola m'minda ya anthu a kuno usana ndi usiku, pomwe nandolo ndi soya wa m'minda yomweyo amayamba wakwera lole kupita ku Limbe kuti akalembedwe m'dzina la munthu wina asanatuluke m'dziko.

NASFAM ndi Farmers Union of Malawi ali ndi mbiri, ali ndi maofesi, ndipo nduna zimawadziwa. Chomwe akuyenera kuwonjezera n'kulimba mtima pa nkhani ziwiri zomwe zimagwetsa mlimi wa soya chaka ndi chaka. Mtengo womwe Unduna wa Zaulimi umalengeza ulibe mano ngati palibe wogula wokakamizidwa kuutsata, ndiye makhonsolo a Balaka ndi Machinga, omwe amadziwa bwino kutolera ndalama za ziphaso kwa mavenda, akakamizidwe kuika misika yodziwika pomwe masikelo amayezedwa ndipo nthumwi ya alimi imaima pambali pa wogula. Chipata cha kunja nacho chisamatsekedwe kapena kutsegulidwa ndi chikalata chotuluka usiku. Ngati mafakitale a kuno akufuna soya asatuluke, alonjeze polemba, mvula isanagwe, kuti adzagula matani angati ndi pa mtengo wanji, kuti mlimi adzale akudziwa.

Aphungu a maboma awiriwa amakonda kugawa mipira ndi mabokosi a maliro. Ndi angati mwa iwo anaimapo m'Nyumba ya Malamulo kufunsa Nduna ya Zamalonda kuti inafunsa ndani isanatseke chipata cha soya? Sadzafunsa mpaka atadziwa kuti kumudzi kuli gulu la anthu zikwi zingapo, lokhala ndi buku la mamembala ndi ndalama zake, lomwe limakumbukira pa tsiku la chisankho. Chaka chamawa nduna isanalengeze mitengo ya zokolola, mayina a omwe anaitanidwa kukakambirana atuluke m'nyuzipepala, ndipo pakati pawo paoneke munthu wosankhidwa ndi alimi a ku Ulongwe ndi ku Nsanama, amene ulendo wake wa ku Lilongwe walipiridwa ndi soya wawo.